Bwalo la nkhondo lolowa wofuna yekha: zomwe zinachitika pa seva yathu ya ku Dedza

Gemu yake ndi anthu ake

Seva (kompyuta yomwe osewera onse amalumikizanapo pa intaneti) yomwe ndikufotokoza muno timaiyendetsa anthu atatu: ine amene ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa boma la Dedza, aphunzitsi ena a masamu a kusekondale cha ku Bembeke, ndi mtsikana wina waluso lojambula amene amakhala ku Ntcheu. Gemu yathu tinaimanga pa Luanti, pulogalamu yaulere yomwe ambiri amaidziwabe ndi dzina lake lakale la Minetest. Anaiyambitsa ndi Perttu Ahola wa ku Finland mu 2010, ndipo dzina linasintha mu Okutobala 2024. Tinaikonda chifukwa imayenda bwino ngakhale pa mafoni otchipa a Android, komanso chilichonse chomwe ukufuna kuwonjezeramo umalemba wekha m'chiyankhulo cha Lua ngati mod.

Dziko la m'gemumo ndi la m'nthano. Muli mapiri ndi mapanga, afisi okwerapo afiti amene amayenda usiku, ndi Napolo amene amatuluka m'phiri mvula ikachuluka n'kugumula chilichonse chomwe wapeza panjira. Osewera amalima, amakumba miyala ya chitsulo, amasula makasu ndi malupanga, amamanga midzi ndi kusankhana mafumu. Zilombo za kudambwe tinagwirizana kuti sitiikamo ngati adani okanthidwa ndi lupanga, chifukwa kuno kwathu zimenezo si zoseweretsa.

Osewera athu ndi ana asukulu, anyamata a kabaza, ochita malonda ku Lizulu ndi ku Tsangano, ena ali ku Lilongwe, ndi abale athu angapo amene anapita ku Joni kukagwira ntchito. Ambiri amalowa madzulo akadya nsima, pafoni, ndi bandulo yowerengera. Kufikira nthawi yomwe nkhaniyi ikuyambira, wosewera sankatha kuvulaza mnzake ndi chida chilichonse.

Pempho ndi mkangano

Vuto linayamba ndi anyamata amene anali atamaliza zonse. Napolo anali atamupha kambirimbiri, zida zawo zinali zapamwamba, ndipo madzulo ankangozungulira pamsika wa m'gemumo kusowa chochita. Posakhalitsa anapeza njira zopwetekera anzawo popanda lupanga: kukumba dzenje panjira n'kulibisa, kukokera afisi kumudzi wa eni, kutsegulira chiphalaphala chamoto pakhomo la munthu. Tikawafunsa, yankho linali limodzi: "Adimini, tipatseni pomenyerana, izi tisiya."

Omanga midzi anakana kwamtuwagalu. Amayi ena ogulitsa mbatatesi ku Lizulu, amene munda wawo m'gemumo ndi waukulu kuposa wa wina aliyense, ananena poyera kuti tsiku lomwe munthu adzawaphere pamunda ndi lomwelo adzafufute Luanti pafoni yawo. Aphunzitsi aja nawo anali mbali ya amayiwo.

Mkangano wotere magemu akuluakulu anadutsamo kalekale. Ultima Online itatuluka mu 1997, munthu akangotuluka m'tauni ankatha kuphedwa ndi wosewera mnzake n'kulandidwa katundu. Mu 2000 eni ake anagawa dziko pawiri: Felucca, komwe kuphana kunapitirira, ndi Trammel, komwe munthu sakhudzidwa asanavomere. Khamu linathamangira ku Trammel. Koma RuneScape itachotsa kuphana kwaufulu m'dera lake la Wilderness mu Disembala 2007, okonda nkhondo sanakhale chete, mpaka kunabwezeretsedwa mu 2011 osewera atavota. Ine ndinatolapo kuti ofuna mtendere ndiwo amachuluka, koma ofuna nkhondo sangathe ndi lamulo. Ukawatsekera pakhomo amakumba maenje.

Kugawa dziko pawiri sikukanatheka kwa ife. Anthu athu ndi ochepa, ndipo tikanangotsala ndi maiko awiri opanda anthu. Tinagwirizana zomanga bwalo limodzi lotchingidwa, lomenyeranamo anthu awiri amene avomera okha, ndipo tinalonjeza omanga midzi kuti amene safuna kulowamo sadzaluza kanthu, sadzatsalira m'mbuyo pa chilichonse, ndipo sadzakakamizidwa. Mbali yaikulu ya lipotili ndi ya momwe lonjezo limeneli linavutira kusunga, chifukwa kumenyana kwenikweniko sikunativute kwambiri.

Kumanga bwalo

Luanti ili ndi switchi imodzi yokha ya nkhaniyi, enable_pvp, ndipo imagwira seva yonse. Ikakhala yozimitsa, nkhonya ya wosewera pa mnzake imathera pomwepo mod iliyonse isanaione. Choncho kuti bwalo litheke tinayenera kuyatsa kumenyana ponseponse, kenako n'kuika mod yathu ngati mlonda pa register_on_punchplayer, pomwe seva imadutsitsa kumenya kulikonse kolunjika wosewera. Mlondayo amafunsa funso limodzi: kodi awiriwa dzina lawo lili pa nkhondo imodzi yomwe yayamba kale? Ngati ayi, amafufuta kumenyako. Sitinadalire malo omwe munthu waima, chifukwa malire a malo amakhala ndi mipata, ndipo wina akhoza kuima m'mphepete n'kumafikira amene ali kunja.

Mivi inafuna ntchito yakeyake. Muvi ukaponyedwa umakhala chinthu pachokha, ndipo seva ikhoza kuona kuti wabaya ndi muviwo osati mwini wake. Tsopano muvi uliwonse umanyamula dzina la amene wauponya, ndipo mlonda amaufunsa funso lomwe lija.

Munthu akavomera nkhondo, katundu wake yense amalembedwa kaye m'kaundula wake pa seva, kenako ndiye amachotsedwa m'thumba. Dongosolo limeneli siliyenera kutembenuzidwa. Mu Luanti, mod ikaphonya pamzere umodzi seva yonse imazima, ndipo ikazima pakati pa nkhondo, munthu amene wakhala miyezi akusula zida zake ayenera kuzipeza zonse akalowanso. Aliyense akamalowa, seva imayang'ana ngati ali ndi katundu wosungidwa n'kumubwezera asanaponde paliponse.

M'bwalomo aliyense amalandira zofanana: mitima 10, chishango, uta ndi mivi 12, ndi chida chimodzi chomwe wasankha pakati pa lupanga, mkondo ndi chibonga. Apa anyamata a zida zapamwamba aja anadandaula kwambiri, akuti zida zawo anazivutikira. Sitinasunthe. Guild Wars 2, yomwe inatuluka mu 2012, inachita chimodzimodzi m'mabwalo ake: wolowa dzulo ndi wa zaka zambiri amapatsidwa mphamvu zofanana. Ndipo pa bawo palibe amene amayamba ndi nkhomo zochuluka chifukwa choti anayamba kusewera kalekale. Tikanalola zida zakunja, bwalo likanakhala malo oti akale azikwapuliramo atsopano, ndipo watsopano akakwapulidwa kawiri sabweranso.

Tisanatsegule tinapempha mnyamata wina wa Fomu 3, wodziwika ndi kufufuza timipata, kuti ayese kulithyola. Sanachedwe. Anatenga lupanga la m'bwalo n'kuliika m'timabokosi 9 topangira zinthu, tomwe Luanti imatiwerenga padera ndi thumba, ndipo anatuluka nalo. Tsopano potuluka seva imasesa thumba, timabokosito ndi zovala zankhondo, ndipo chida cha m'bwalo chikapezeka kunja chimazimirira chokha. Amene akumanga zofanana ndi izi asadumphe sitepe imeneyi. Mwana mmodzi wochenjera amaona zomwe akuluakulu atatu saona.

Netiweki

Seva timalipira ku Johannesburg ndi ndalama zomwe osewera amasonkha. Pashopu panga singakhale, chifukwa magetsi amathima ndipo intaneti ya pafoni sipereka adiresi yoti anthu akunja akupezerepo. Ku Ulaya nako tinakana ngakhale maseva ambiri a kumeneko ndi otchipa. Kuwala m'chingwe cha fibre kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Kuchokera kuno kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500 mowongoka, kutanthauza mamilisekondi 15 kupita ndi kubwera. Ku Frankfurt ndi pafupifupi 7,500, mamilisekondi 75. Awa ndi masamu a papepala. Zingwe siziyenda mowongoka, uthenga wathu umazungulira m'maiko oyandikana nawo, ndipo pakati pa foni ndi nsanja pamawonjezerekanso nthawi yomwe imasinthasintha malinga ndi kuchuluka kwa anthu pa nsanjayo.

Polima kapena pomanga nyumba, kuchedwa kotere munthu sakumva n'komwe. Pankhondo ndi nkhani ina. Mu Luanti foni yako ndiyo imawerengera mayendedwe ako n'kuuza seva, seva n'kuuza mnzako, ndipo sevayo imachita izi m'masitepe a masekondi 0.09 ikasiyidwa momwe inabwerera. Ndiye mdani amene ukumuona pa sikirini ali pomwe anali kanthawi kapitako. Ukamenya, foni imauza seva kuti yamenya, seva n'kuyeza mtunda wa pakati panu momwe ikuuonera iyo. Ikaona kuti watalika, kumenyako kumatayidwa. Wa netiweki yochedwa amakhalira kumenya chithunzithunzi.

Masabata oyamba abale athu a ku Joni, amene ali pafupi ndi seva, ankapambana pafupifupi nkhondo iliyonse. Anyamata a kuno anayamba kunena kuti anzawowo akugwiritsa ntchito pulogalamu yobera, ena mwanthabwala ankati anapita kwa asing'anga. Panalibe kubera kulikonse, unali mtunda basi.

Mtunda sitingauchotse, koma tinachepetsa phindu lake. Mphamvu ya kumenya mu Luanti imadalira nthawi yomwe yadutsa chimenyereni komaliza: chida chilichonse chili ndi full_punch_interval yake, ndipo ukamenya nthawiyo isanakwane, umavulaza pang'ono molingana ndi gawo lomwe wadikira. Tinatalikitsa nthawi imeneyi pa zida zonse za m'bwalo kupitirira sekondi imodzi, chibonga kuposa zonse. Zikatero, kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi sikugamulanso nkhondo, ndipo amene amangogogoda sikirini mwachisawawa sapindula. Tinachepetsanso kukankhika kwa munthu akamenyedwa, chifukwa pa netiweki yofooka kumaoneka ngati mdani wazimirira n'kutulukira pena. Bwalo lenilenilo ndi laling'ono, mabuloko 15 mbali iliyonse, ndi zipilala zinayi zobisalira mivi, kuti nkhondo ikhale yosankha poima osati yothamangitsana. Tinayesako kufupikitsa sitepe ya seva kuti mayendedwe azioneka msanga, koma zimenezo zimachulukitsa mauthenga opita ku foni iliyonse, kuphatikizapo za olima amene nkhondo sikuwakhudza, ndipo si chilungamo kuti bandulo ya amayi a ku Lizulu ithere pa nkhondo ya eni. Tinabwezera pomwe inali.

Seva imadziwa ping ya aliyense, kutanthauza nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwera pakati pa iye ndi seva, ndipo imadziwanso ngati munthu akugwiritsa ntchito zala pa sikirini kapena mbewa ya kompyuta. Zonse ziwiri timazionetsa pa kalata yoitanira nkhondo, kuti wovomera avomere akudziwa. Pa nkhondo zowerengera mapointi, seva siphatikiza anthu amene ping yawo yasiyana ndi mamilisekondi oposa 150, kapena wa foni ndi wa kompyuta. Wa mbewa amatembenuka ndi kuloza muvi mwachangu chomwe chala sichingafikepo, makamaka mu Juni ndi Julaye kuno ku Dedza pomwe zala zimauma ndi chisanu.

Chomwe chinatitayitsa nthawi kwambiri ndi kuduka kwa netiweki. Luanti sizindikira msanga kuti munthu wachoka. Imadikira pafupifupi masekondi 30 isanamutulutse. Nthawi yonseyo thupi lake langoima m'bwalo, mnzake n'kumalidula momwe akufunira. Tinalemba kuti munthu akapanda kusuntha, kutembenuka kapena kudina chilichonse kwa masekondi 4, nkhondo iime, onse awiri aumitsidwe pomwe ali, ndipo wodukayo apatsidwe masekondi 90 oti abwerere n'kupitiriza ndi mitima yomwe anali nayo.

Funso lovuta linali loti akapanda kubwerera titani. Poyamba nkhondo yotere inkangofufutidwa, ndipo anthu anaphunzira msanga kuti ukatsala ndi mtima umodzi, ukhoza kungoika foni pa flight mode. Seva imatha kusiyanitsa amene watuluka bwinobwino ndi amene waduka, koma singasiyanitse amene nsanja yamuthimira ndi amene wadzidula dala. Aphunzitsi ankafuna kuti woduka aziluza theka la mapointi, pomvera chisoni a kumidzi monga ku Lobi ndi ku Mayani komwe netiweki imabwera ndi kupita. Ine ndinakana. Theka la chilango ndi kutsitsa mtengo wa kuthawa: aliyense amene waona kuti wagonja adzasankha kuluza theka m'malo mwa zonse. Tinakangana mpaka mtsikana wa ku Ntcheu anapereka njira yomwe tikugwiritsa ntchito pano. Kuima kumaloledwa kamodzi pa nkhondo iliyonse. Wosabwerera wagonja kwathunthu. Koma ngati kuduka kwachitika wina asanavulaze mnzake, kapena onse awiri aduka pamodzi monga zimakhalira magetsi akathima dera lonse, nkhondoyo siwerengedwa. Lamuloli limapwetekabe anthu ena osalakwa, ndipo amandiuza m'maso akabwera kudzatchajitsa mafoni. Ndimawayankha kuti nkhondo za mapointi azimenya ali pamalo pomwe netiweki yakhazikika, zina zonse azimenya zaubwenzi.

Mapointi ndi mphoto

Powerengera mapointi timagwiritsa ntchito njira ya Elo, ya Arpad Elo, yomwe bungwe la chess la FIDE linayamba kutsatira mu 1970. Aliyense amayamba ndi 1,000, ndipo nkhondo imodzi singasunthe mapointi oposa 32. Ofanana mphamvu akakumana, wopambana amatenga 16 kwa mnzake. Amene waposa mnzake ndi 400 amayembekezeka kupambana nkhondo 10 mwa 11, choncho akapambana amatola 3 okha, koma akagonja amataya 29. Aphunzitsi amakonda zimenezi moti anazisandutsa funso la m'kalasi.

Akuba mapointi sanachedwe. Munthu amatsegula akaunti yachiwiri pafoni ya mlongo wake, n'kumadzigonjetsa yekha usiku wonse. Kuyang'ana IP, adiresi ya pa intaneti yomwe munthu walowera, sikuthandiza kuno, chifukwa anthu ambiri a pa netiweki imodzi ya mafoni amaoneka ndi adiresi imodzi, ndipo ena amagawana hotspot pamalo amodzi. Ukatseka adiresi, watsekera limodzi anthu osalakwa. Tinangoika malire: anthu awiri omwewo nkhondo zawo ziwiri zoyamba patsiku ndizo zimawerengedwa, ndipo akaunti yatsopano siloledwa pa mapointi isanakhale ndi nyumba ndi munda.

Mphoto zake ndi zokongoletsa chabe: mtundu wa dzina pamwamba pa mutu, ndi zojambula za pa chishango zomwe mnzathu wa ku Ntcheu amapanga. Palibe chida, chitsulo kapena mbewu yomwe imachokera m'bwalo. World of Warcraft itabweretsa mabwalo ake mu 2007, timu inkafunika kumenya nkhondo 10 pa sabata kuti ilandire mapointi ogulira zida, ndipo zidazo zinali zabwino ngakhale kunja kwa bwalo. Zotsatira zake, anthu amene nkhondo sankaikonda n'komwe ankalowa kukagonja kakhumi kuti asatsalire. Papepala bwalo linali la wofuna yekha, koma wosafuna ankalipira.

Pomwe lonjezo linayamba kugwedezeka

Kalata zoitanira nkhondo zimafika kwa okhawo amene alemba okha /bwalo kuti atsegule khomo. Wina aliyense khomo lake ndi lotseka chibadwire. Woitana akakanidwa amalandira mawu amodzi, "Sakupezeka", kaya mnzakeyo wakana, watseka khomo, kapena sanaone. Tinachita dala kuti pasapezeke umboni woti wakutiwakuti wathawa.

Pulogalamu inachita mbali yake, koma anthu anapeza njira zawo. Mawu oti "wamantha" anadzaza pocheza, ndipo atsikana ankalandira oposa pamenepo. Bolodi la mayina 10 apamwamba lomwe linali pakati pa msika linasanduka poyezera ulemu wa munthu. Kenako midzi iwiri inalengeza kuti silandira aliyense wosafika mapointi 1,100. Apa ndiye lonjezo lathu linali litathyoka ngakhale palibe lupanga lomwe linakhudza munthu kunja kwa bwalo: wosamenya anayamba kutsekeredwa makomo. Bolodi tinalisamutsira m'kati mwa bwalo, kuti alione ndi amene wapita dala. Mapointi a munthu tsopano ndi obisika pokhapokha mwini wake atawaonetsa. Mafumu a midzi tinawauza kuti mudzi wofunsa mapointi udzachotsedwa pa mapu a alendo. Kutukwana tinakuikira chilango chotsekeredwa bwalo, osati gemu yonse, ndipo chimenechi chimaluma bwino chifukwa otukwanawo bwalo ndi lomwe amalikonda. Zomwe amanenana pa WhatsApp kapena pa siteji ya kabaza sitingazifikire.

Nkhani yaikulu inabwera ndi oonerera. Tinali titamanga khonde la magalasi pamwamba pa bwalo kuti anthu azionera, ndipo madzulo linkadzaza. Kubetcha kunayamba ndi zitsulo za m'gemumo, kunapita pa mayunitsi, kenako pa ndalama zotumizirana pafoni. Ife tinamva mochedwa, tsiku lomwe amayi ena anafika pashopu atagwira mwana wawo padzanja.

"Achimwene, ndinu eni ake a gemu yomwe yadya ndalama yanga ya kuchigayo?"

"Khalani pansi kaye, amayi, tiimve bwino."

Mwanayo anali atabetcha ndalamayo pa mnyamata amene anali pamwamba pa bolodi, ndipo mnyamatayo anagonja kwa wosewera wachilendo. Nditatsegula kaundula wa nkhondoyo madzulo ake, ndinapeza kuti katswiriyo anaponya mivi yake yonse pa chipilala ndipo lupanga analigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Anali atagwirizana ndi wosunga ndalama za kubetcha kuti agonje dala, agawane. Wosunga ndalamayo anali wamkulu ndithu, wodziwika pa boma pano. Tinamuitana, ndipo atamva kuti amayiwo akupita kwa amfumu, anabweza.

Ndikanatha kunena kuti ndalamayo sinadutse pa seva yathu, ndipo zikanakhala zoona. Koma khondelo tinamanga ndife, bolodi lomwe linkauza anthu woti am'betchere linali lathu, ndipo nkhondo zinkalengezedwa zisanayambe. Old School RuneScape inalimbana ndi vuto lomweli kwa zaka pa Duel Arena, pomwe osewera ankabetcherana chuma cha m'gemu chomwe ena ankagulitsa ndi ndalama zenizeni, mpaka mu 2022 eni ake anaichotsa n'kuikapo bwalo lopanda kubetcha. Kuno kwathu juga ili ndi lamulo lake, Gaming and Lotteries Act ya 2022, ndipo woyendetsa amafunika chiphaso. Ife tilibe, sitikuchifuna, ndipo ambiri mwa osewera athu sanakwanitse zaka 18.

Khonde tinalitseka pa nkhondo zonse za mapointi. Munthu sasankhanso mdani wake pa nkhondo zoterozo. Amalowa pamzere, seva n'kumuphatikiza ndi wa mapointi oyandikana nawo, ndipo dzina la mdani amaliona nkhondo ikamayamba. Popanda kudziwiratu omenyana, kubetcha kulibe pogwira, ndipo kugulitsa nkhondo kumavuta. Kusinthana katundu pafupi ndi bwalo tinakuzimitsa. Khonde limatsegulidwa Loweruka masana pokha, pa mpikisano womwe mmodzi wa ife atatu amakhalapo, ndipo woitanira anthu kubetcha pocheza amatulutsidwa nthawi yomweyo. Katswiri uja tinamubwezera pa 1,000 ndi kumutsekera bwalo kwa nyengo. Ena ankafuna achotsedweretu, koma ndi mwana wasukulu amene ananyengedwa ndi wamkulu, ndipo mudzi wake m'gemumo ndi umodzi mwa yomangidwa bwino. Wamkuluyo ndiye tinamuchotsa.

Kutseka khonde kunachotsa chisangalalo china, sindikana. Omenya ena ankamenyera anthu owaonera, ndipo ataona kuti palibe wokuwa, anasiya. Sindinganene kuti kubetcha kunatheratu. Anyamata awiri akhoza kugwirizana pa siteji n'kukamenya nkhondo yaubwenzi, ndipo palibe mod yomwe ingaone ndalama ikusintha manja kumeneko. Chomwe chinatha ndi msika wake, pomwe mwana wongodutsa ankakopeka.

Momwe zilili pano

Maenje a panjira ndi afisi okokeredwa kumidzi zinachepa kwambiri, ngakhale mmodzi kapena awiri amene cholinga chawo chinali kuzunza anthu osati kumenya nkhondo sanasinthe, ndipo bwalo sanalikonde chifukwa mulibe wofooka woti am'pezerere. Amayi a ku Lizulu sanalembepo /bwalo, ndipo munda wawo wafika kutsidya la mtsinje. Nkhondo zaubwenzi, zopanda mapointi, ndizo zimamenyedwa kwambiri kuposa za mapointi, zomwe sindinkayembekezera.

Malire onse omwe tinaika, a ping, a foni ndi kompyuta, a anthu awiri omwewo, anatalikitsa mzere. Pa seva ya anthu ochepa, lamulo lililonse lachilungamo limachotsa ena mwa amene ukanakumana nawo, ndipo pakati pa sabata munthu ankatha kudikira mpaka bandulo n'kumuthera. Tinasonkhanitsa nkhondo za mapointi pa nthawi imodzi, kuyambira 7 koloko mpaka 10 koloko usiku, kuti ofuna apezane. Nthawi ya mayeso a MSCE aphunzitsi amatseka 9 koloko, ndipo pa zimenezo salola zokambirana. Abale a ku Joni amakumana okhaokha nthawi zambiri, ndipo amadandaula kuti atopa kuonana nkhope zomwezo.

Pempho lomwe lili pa tebulo tsopano ndi la nkhondo za awiriawiri. Sitinavomere. Mafoni anayi ndiye kuti mpata woti wina aduke wachuluka pafupifupi kawiri, ndipo lamulo lathu la kuima silinena chochita mmodzi akaduka: kodi onse anayi aume kudikira, kapena mnzake amenye yekha ndi awiri? Mtsikana wa ku Ntcheu akuti aume onse, aphunzitsi akuti mbali inayo nayo ichotse mmodzi mwa maere mpaka wodukayo abwerere. Tagwirizana kuyesa njira zonse ziwiri sukulu zikatsekera, Loweruka masana, popanda mapointi, ndipo mnyamata wa Fomu 3 uja wauzidwa kale kuti abwere adzathyole.